Zionetsero za njinga zamoto zakale m'nyengo yachisanu ku Britain: mafunso ndi mayankho

Ku Britain, kuyambira Novembala mpaka Malichi, njinga zamoto zakale zambiri sizioneka pamsewu. Pakati pa chisanu dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, misewu imathiridwa mchere, ndipo mwini njinga ya 1959 safuna kuipereka kwa dzimbiri. Nthawi imeneyi ndi imene njingazi zimasonkhana m'maholo. Mayankho ali m'munsimu ndi a munthu wofuna kukaona, wofuna kukagula, ndi wofuna kukaonetsa njinga yake.

Kodi njinga yamoto imatchedwa yakale ikafika zaka zingati?

Zimatengera amene mwafunsa. Boma la Britain limaika m'gulu la zakale galimoto kapena njinga yamoto imene yakwanitsa zaka 40: mwiniwake akailembetsa motero salipiranso msonkho wa pamsewu, ndipo sakakamizidwa kukaiyezetsa chaka ndi chaka ngati sinasinthidwe kwambiri. Bungwe la Vintage Motor Cycle Club, lomwe linayamba mu 1946, limalandira njinga ya zaka 25. Maulendo ena ndi okhwima kuposa apo. Banbury Run amalola njinga zopangidwa chisanafike chaka cha 1931, pamene Pioneer Run, yokathera chakugombe la Sussex, ndi ya njinga zopangidwa chisanafike chaka cha 1915.

M'holo ya chionetsero malire amenewa amasokonekera. Brough Superior SS100 ya m'ma 1920 imatha kuima moyandikana ndi Yamaha RD350LC ya 1980, ndipo zonse ziwiri zimakhala ndi anthu oziunjirira.

Zionetsero zikuluzikulu za m'chisanu zimachitikira kuti?

Mu Januwale kuli chionetsero cha ku Newark Showground, m'chigawo cha Nottinghamshire. Mu Febuluwale kuli ziwiri: Bristol Classic MotorCycle Show, ndi Classic Dirt Bike Show ya ku Telford International Centre, yomwe ndi ya njinga zothamangira m'matope ndi m'mapiri. Dzina lisakusokeretseni: chionetsero cha Bristol sichichitikira mumzinda wa Bristol koma ku Bath and West Showground, pafupi ndi Shepton Mallet, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 chakum'mwera.

Zionetsero ziwiri za ku Staffordshire County Showground, zimene anthu amangoti Stafford, zimatsekula ndi kutseka nyengoyi. Cha Okutobala chimapendekera ku njinga za ku Japan ndi za m'ma 1970 ndi 1980. Cha Epulo chimadzaza ndi Triumph, BSA, Norton, Velocette ndi Vincent. Ku Kempton Park, pabwalo la mjaha wa mahatchi kufupi ndi London, kumakhala msika wa zipangizo zakale kangapo pachaka. Ku NEC, malo akuluakulu a zionetsero ku Birmingham, kumakhala Motorcycle Live chakumapeto kwa chaka, koma kumeneko mwini bwalo ndi njinga zatsopano, zakale zimangopatsidwa ngodya.

N'chifukwa chiyani zambiri zimachitikira kumabwalo a zionetsero zaulimi?

Chifukwa m'chisanu mabwalowa amakhala alibe ntchito yambiri, lendi yake imatsika poyerekeza ndi holo za m'mizinda, ndipo ali ndi zinthu zitatu zimene njinga zimafuna: zitseko zazikulu zolowa vani, pansi pa simenti posaopa dontho la oyilo, ndi malo oimika magalimoto zikwizikwi. Vuto lake n'lakuti nyumba zambiri zinamangidwira ng'ombe, nkhosa ndi mathirakitala. Bingley Hall ya ku Stafford ndi Showering Pavilion ya ku Shepton Mallet ndi holo zenizeni, koma ambiri ogulitsa zipangizo ndi timagulu ting'onoting'ono amaikidwa m'mashedi a malata, m'matenti, kapena panja penipeni. Choncho anthu awiri angapite kuchionetsero chimodzi tsiku limodzi, wina n'kubwera akuyamikira, wina akung'ung'udza kuti zala zinauma. Onse awiri akunena zoona.

Ndingadziwe bwanji kuti malo ake ndi abwino?

Yambani ndi pansi. Simenti yosalala ndi youma imalola sitandi ya njinga kugwira bwino. Simenti ya m'khola imakhala yopendekeka dala kuti madzi azitsetsereka, ndipo ili ndi ngalande. Njinga yolemera makilogalamu 200 ikaima pa sitandi ya m'mbali pamalo otere, mwana akangoikhudza imagwa, n'kugwetsa inzake. Pa udzu wonyowa sitandi imamira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake odziwa amayenda ndi kathabwa ka masentimita 15 mbali zonse koika pansi pake.

Kenako kuwala. Magetsi akale achikasu a m'mashedi amasintha mtundu wa penti: chofiira chimaoneka ngati chakhofi, ndipo simungasiyanitse penti ya kufakitale ndi ya dzulo. Holo yabwino imakhala ndi magetsi oyera, ndipo njinga zakuda siziikidwa kungodya yamdima.

Chachitatu ndi mpata. Njinga ikafunika kuonedwa mbali imodzi yokha, theka la chionetsero latayika, pakuti mbali ya tcheni ndi mbali ya magineto (chipangizo chotulutsa moto wa pulagi) zimanena nkhani zosiyana. Pakati pa njinga ndi inzake pazikhala mita imodzi, ndipo njira yodutsa anthu ikhale yoti njinga ya olumala ndi anthu awiri apatukirane, kutanthauza mamita atatu. Okonza chionetsero akachita umbombo wa matebulo a malonda, mpata umenewu ndi umene umayamba kudyedwa.

Chachinayi, chomwe ambiri amachiiwala mpaka madzulo, ndi koimika galimoto. Bwalo la udzu limene m'mawa linali louma gwa ndi chisanu limasanduka phala pofika 2 koloko. Ngati pali mwayi wosankha, imikani pa miyala kapena pa phula ngakhale kukhale kutali ndi chipata.

Kuchuluka kwa njinga pachikwangwani sikutiuza kanthu. Njinga 300 zooneka bwinobwino, zokhala ndi eni ake pambali oyankha mafunso, zimaposa 1,000 zopanikizana kuseri kwa chingwe.

Njinga yanga inatuluka m'vani youma, koma m'holo yayamba kuchita thukuta. Chikuchitika n'chiyani?

Ndi mame, monga amene amagwira botolo la chakumwa chozizira. Njinga yagona m'vani usiku wonse ndipo chitsulo chake chili pa madigiri 2. M'holo mwatenthedwa kufika madigiri 15, anthu akupuma, majekete onyowa akuuma. Mpweya wa madigiri 15 wokhala ndi chinyezi cha 70 peresenti umayamba kusiya madzi pa chilichonse chozizira kuposa madigiri 9 kapena 10. Injini ndi giyabokosi, poti ndi zitsulo zochindikala, zimachedwa kufunda, choncho zimatha kukhala zonyowa ola lathunthu kapena awiri. Mitundu ina ya zotenthetsera zoyendera gasi kapena palafini imaonjezera vutoli chifukwa moto wake umatulutsa nthunzi m'chipinda momwemo.

Madzi amene mukuwaona si oopsa kwenikweni. Oopsa ndi amene ali m'kati mwa thanki yopanda petulo, m'kati mwa magineto, pansi pa chishalo, ndi m'mabowo a masipoko. Chitsulo cha aluminiyamu chopukutidwa chimachita mawanga oyera pofika mawa lake, ndipo chrome yakale yokhala ndi timabowo imatulutsa timadontho ta dzimbiri.

Chochita: lowetsani njinga dzulo lake ngati okonza alola, kuti ifunde limodzi ndi holo. Ngati mwafika m'mawa, isiyeni ili yofunda nsalu ya thonje kwa ola limodzi, musaivundukule msanga. Pepala la pulasitiki ayi, limatsekera chinyezi m'kati. Musanachoke kunyumba pakani phula lopukutira pa penti ndi pa chrome, ndipo mafuta oteteza dzimbiri, monga ACF-50, pazitsulo zopanda penti, koma asakhudze mabuleki ndi matayala. Madzi akabwera musapukute ndi nsalu youma pa fumbi, mukanda penti. Ingogunditsani nsalu yofewa kuti imwe madziwo.

Nanga mchere wa pamsewu?

Umafika ngakhale pa njinga imene sinayende. Ngolo yosatseka imalandira utsi wa madzi amchere kuchokera kumatayala a galimoto yokoka, ulendo wonse. Mchere umakoka chinyezi, choncho njinga imapitiriza kudyeka ili m'galaja. Mukafika kunyumba tsukani tsiku lomwelo ndi madzi ozizira ambiri. Madzi otentha amafulumizitsa kudyekako. Musagwiritse ntchito mpope wa mphamvu, umakankhira madzi m'mabeyaringi a mawilo ndi m'magineto. Umitsani, kenako dzozani tcheni.

Ndiimange bwanji m'vani kapena pangolo?

Malamba anayi, awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo, onse okokera pansi ndi kumbali. Wilo lakutsogolo litsamire khoma kapena lilowe m'chogwirira. Njinga iime chilili pa mawilo ake, osati pa sitandi: sitandi ya m'mbali imapindika galimoto ikagunda dzenje, ndipo pa njinga zina za ku Britain kachitsulo kogwira sitandiyo kamathyoka pa felemu. Mangani pa chitsulo cha pansi chogwira mafoloko, osati kumapeto kwa chiwongolero, chomwe chimapindika kapena kutembenuka. Kokani mpaka mafoloko atsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu; mukafinya mpaka pansi masilo amayamba kutaya oyilo. Tsekani mpopi wa petulo. Mukayenda makilomita 15 imani, muonenso malamba, chifukwa amakhala atamasuka.

Ngozi zambiri zimachitika potsitsa. Thabwa lotsitsira likachita chisanu limaterera ngati therere, ndipo buleki yakutsogolo sigwira kanthu wilo likamatsetsereka. Limangeni thabwalo ku vani ndi lamba, ikani njinga mu giya yoyamba kuti kilatchi ikhale buleki yanu, ndipo mukhale anthu awiri.

M'kati mwa holo muli malamulo otani?

Holo iliyonse ili ndi ake, ndipo amatumizidwa pamodzi ndi chiphaso cholowera. Obwerezabwereza ndi awa: petulo wochepa kwambiri m'thanki, mpopi wotseka, batire yochotsedwa waya, mbale yolandira oyilo pansi pa injini, ndipo injini isalizidwe m'kati chifukwa cha utsi wa carbon monoxide. Malo ambiri salolanso kutulutsa njinga chionetsero chisanatseke. Lamulo la moto si lamwambo chabe. Mu 2003 moto unawononga njinga mazanamazana ku National Motorcycle Museum pafupi ndi Birmingham, ndipo palibe wokonda njinga zakale amene anaiwala.

Kodi njinga yonyezimira kwambiri ndiyo yabwino kwambiri?

Ayi, ndipo apa ndi pamene chionetsero chabwino chimasiyanirana ndi chongosangalatsa maso. Njinga zambiri zokonzedwanso n'zokongola kuposa momwe zinatulukira kufakitale. Triumph yopangidwa kufakitale yake ya ku Meriden inali ndi mabauti otuwa okutidwa ndi cadmium. Lero mupeza mabauti a chitsulo chosachita dzimbiri opukutidwa ngati ndolo. Felemu inali ndi penti yopyapyala yakuda. Lero yakutidwa penti yaufa yochindikala mpaka manambala sawerengeka. Mizere ya pa thanki inkajambulidwa ndi dzanja ndipo siinkafanana ndendende mbali zonse ziwiri. Oweruza odziwa ntchito amachotsa mapointi pa zonsezi.

Onaninso ngati zipangizo zikugwirizana ndi chaka. Kabuleta ya Amal Monobloc inayamba cha mu 1955, ya Concentric cha mu 1967. Triumph Bonneville ya 1961 yokhala ndi Concentric imayenda bwinobwino, koma si momwe inabadwira. Honda CB750 zoyamba za 1969, pafupifupi 7,400, zinali ndi injini ya khungu lokhakhala, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri kotero kuti ena amakhakhalitsa dala injini za pambuyo pake.

Ife tikamazungulira timayang'ana zinthu zosanyezimira: mpope wa ekizozi ngati wasintha mtundu pafupi ndi injini, mphira wopondapo ngati wadyeka, m'thanki ya oyilo ngati muli oyilo. Pali njinga za mphotho zopanda pisitoni m'kati. Chionetsero chimene chimapereka mphotho kwa njinga yosakonzedwanso, ya penti yake yoyamba yongopukutidwa ndi nsanza ya oyilo, chimakhala kuti okonza ake akudziwa chimene akuchita.

Chikwangwani cha njinga nachonso n'chizindikiro. Chabwino chimanena chaka, kukula kwa injini, ndi zimene zasinthidwa. Chikangoti "yosowa kwambiri", dutsani.

Manambala a injini ndi a felemu akapanda kufanana, ndiye kuti njingayo ndi yachinyengo?

Osati nthawi zonse. Triumph ndi Norton za m'ma 1960 zinkatuluka ndi nambala imodzi pa injini ndi pa felemu. BSA zambiri za m'ma 1950, kuphatikizapo Gold Star, zinkatuluka ndi manambala osiyana kuyambira kufakitale. Chofunika n'kufananitsa ndi mabuku a fakitale, amene ena amasungidwa ndi Vintage Motor Cycle Club ku Burton upon Trent, ena ndi magulu a eni njinga za mtundu umenewo. Walitsani tochi chopingasa pa nambala: pamalo pakakhala posalala kapena polowa kuposa pozungulira, nambala yakale inapalidwa. Nambala ya felemu ifanane ndi ya pa V5C, chikalata cholembetsera njinga ku boma.

Kodi kukaunjika wa zitsulo kumapezeka za nzeru m'chisanu?

Kumapezeka, ndipo mitengo imafewa masana ogulitsa akazizidwa n'kuyamba kuganiza zokwezanso mabokosi m'vani. Koma zosowa zimatha m'ola loyamba. Sankhani chimene mwadzera.

Tengani ndalama zapamanja chifukwa netiweki kumabwalo akumidziwa imavuta anthu akachuluka, tochi yaing'ono, chipimo cha vernier, maginito, ndi chipangizo chakale chimene mukufuna kusintha. Mazinga a mabauti ndiwo msampha waukulu. Njinga za ku Britain za zaka zisanafike m'ma 1960 mochedwa zimagwiritsa ntchito Whitworth, BSF ndi mazinga a Cycle, okhala ndi mizere 26 pa inchi imodzi. Pambuyo pake Triumph, BSA ndi Norton zinayamba kusakaniza ndi mazinga a mtundu wa UNF. Za ku Japan ndi za mamilimita. Nati yolakwika imalowa kawiri katatu kenako n'kudya mazinga a silinda.

Thanki iunikireni m'kati ndi kuyendetsa maginito kunja: pamene sakugwira pali phala lobisira chiphwanya. Thanki za fibreglass zimasungunuka ndi ethanol wa mu petulo wa masiku ano. Tayala looneka latsopano liwerengeni manambala anayi omaliza m'mbali mwake: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014. Likakhala ndi manambala atatu okha linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, ndi loonetsera basi. Magineto ya Lucas yotulutsa moto pa tebulo lozizira ikhoza kufa ikatentha, chifukwa kondensa yakale imalephera injini ikafunda. Igulireni pa mtengo wa yofunika kukonza.

Nanga okushoni?

Ku Stafford kampani ya Bonhams yakhala ikugulitsa njinga pa okushoni kwa zaka zambiri. Mtengo umene nyundo yagwera si womaliza: pamwamba pake pali gawo la ogulitsa, VAT ya 20 peresenti pa gawolo, ndi ndalama zosungira ngati simunatenge njinga panthawi yake. Simudzaloledwa kuiyendetsa, kawirikawiri ngakhale kuiliza. Mawu akuti njinga ikufunika kudzutsidwa angatanthauze batire ndi petulo watsopano, angatanthauzenso kumasula injini yonse.

Bwanji njinga zina zikalizidwa panja zimafuka utsi ngati ng'anjo ya makala?

Njinga zambiri zakale za ku Britain zimasunga oyilo m'thanki yakeyake yokhala mokwera kuposa pansi pa injini. Ikakhala masabata osalira, oyilo amadontha kudutsa pampu n'kudzaza pansi pa injini. Mukailiza choncho imafuka utsi woyera mobiriwira, imalavula oyilo popumira, ndipo nthawi zina silo imaphulika. Norton Commando imadziwika nazo. Musanalize suzumirani m'thanki ya oyilo. Ikakhala yotsika musaonjezere, masulani bauti ya pansi pa injini, khetserani oyiloyo m'chitini choyera, mubwezere m'thanki. Ena amaika mpopi pa paipi yopita ku injini. Tsiku limene adzaiwale kuutsekula, injini imatha m'mphindi zochepa.

Mapuleti a kilatchi nawonso amamatirana m'chisanu. Gwirani kilatchi, pondani kiki kangapo mpaka ipepuke, kenako lizani. Mukapanda kutero giya yoyamba imalowa ndi phokoso ndipo njinga imadumphira anthu.

Kuliza injini mphindi ziwiri kuti anthu aombe m'manja kumaiwononga. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi, ndipo injini yozizira imasunga ena m'oyilo ndi m'ekizozi. Ndiwo aja amaoneka ngati phala loyera pansi pa chitsekero cha oyilo.

Ndivale chiyani, ndifike nthawi yanji?

Chisanu cha simenti chimalowera kumapazi, choncho nsapato za soli yochindikala ndi masokosi awiri zimaposa jekete lodula. Valani zovala zingapo zopyapyala zoti muzivula polowa m'holo yofunda. Zipi ndi mabatani achitsulo zisakhudze thanki ya mwini. Loweruka m'mawa ndi la ogula. Lamulungu masana ndi la ofuna kujambula ndi kucheza ndi eni njinga. Mabwalo ambiri ali kutali ndi siteshoni ya sitima ndipo mabasi a Lamulungu ndi ochepa, choncho konzekerani zobwerera musananyamuke.

Wozolowera njinga za kabaza angapezeko chomukhudza?

Angapeze agogo ake a njinga yake. Injini zambiri za 125cc ndi 150cc zochokera ku China zinatengera Honda CG125 ya 1975, ndipo CG125 zoyambirira tsopano zimaima m'zionetserozi ngati zakale. Amene ali ku South Africa ali ndi DJ Run, ulendo wokumbukira mjaha wa pakati pa Durban ndi Johannesburg umene unkachitika kuyambira 1913 mpaka 1936. Umalola njinga zopangidwa pofika 1936. Chisanu cha ku Johannesburg n'chouma ndipo misewu sithiridwa mchere, motero vuto la thukuta la njinga n'lochepa kumeneko.

Chionetsero chatha. Njinga ndiisunge bwanji mpaka Epulo?

Petulo wamba ku Britain ndi E10 kuyambira Seputembala 2021. Ali ndi ethanol wofika 10 peresenti, amene amakoka madzi ndi kudya mapaipi akale a mphira. Pa njinga yakale gulani E5, wa ethanol wosapitirira 5 peresenti. Thanki yachitsulo idzazeni n'kuthiramo mankhwala osungira petulo, kapena ikhuthuleni yonse n'kupoperamo mafuta; yodzaza theka ndiyo imachita dzimbiri. Khetsani kabuleta, apo ayi timabowo ta majeti timatsekeka ndi zomata zobiriwira. Sinthani oyilo injini ili yofunda, chotsani mapulagi, thirani supuni yaing'ono ya oyilo m'silinda iliyonse, pondani kiki pang'onopang'ono kangapo, bwezerani mapulagi.

Batire ya mavoti 12 yodzaza imaonetsa 12.6, ya mavoti 6 imaonetsa 6.3. Ichotseni, muisunge m'nyumba, muziitchaja kamodzi pamwezi. Yofooka imatha kuuma ndi chisanu n'kung'aluka. Popani matayala moonjezera pang'ono, ikani njinga pa sitandi yapakati ndi thabwa pansi pa wilo logunda simenti, ndipo tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi nsanza ya oyilo kuti mbewa zisamangemo. Pa chiwongolero mangani kapepala kolemba zonse zimene mwakhetsa, mwatseka ndi kuchotsa.